Kumene pepala la m'chimbudzi limapita tikagejemula

Suzumirani mu mtondo wa chimbudzi chogejemula nthawi ina iliyonse, mupeza madzi pang'ono ali phee pansi pake. Madzi amenewo sanatsale mwangozi. Kuseri kwa mtondowo njira ya madzi imatsika, n'kukweranso, kenako n'kutsetserekera m'paipi, ndipo pokhotapo madzi ena amatsakamira mwadala. Ntchito yawo ndi kutseka njira kuti mpweya wonunkha wa m'mapaipi a suweji usabwerere m'nyumba. Nzeru imeneyi anailembetsa ku London mu 1775 ndi Alexander Cumming, munthu wa ku Scotland amene ntchito yake inali yopanga mawotchi. Pakanapanda kukhota kumeneku, palibe akanalola chimbudzi kuyandikana ndi chipinda chogona.

Koma pokhota pomwepo ndi pamenenso njira imachepa, ndipo chilichonse chimene taponya mu mtondo chimayenera kukwera kaye chisanatsike. Zimbudzi zambiri za ku America zimakoka zinthu ngati mmene kapaipi kamakokera mafuta m'thanki ya galimoto, ndipo kuti zikoke bwino njira yake imakhala yopapatiza, masentimita 5 kapena kupitirirako pang'ono. Za ku Ulaya zimangokankha ndi madzi ogwa kuchokera m'thanki, njira yake ndi yokulirapo, n'chifukwa chake sizitsekeka kawirikawiri pamalo amenewa. Komabe zonse zili ndi malire.

Zikadutsa pokhotapo, zinthu zimalowa m'paipi ya masentimita pafupifupi 10, ndipo apa ndi pamene ambiri sitidziwa zimene zimachitika. M'nyumba wamba mulibe makina okankha zonyansa. Paipiyo imangoyalidwa mopendekeka pang'ono, kutsika ndi masentimita pafupifupi 2 pa mita iliyonse, basi. Mukagejemula, madzi amanyamula katundu wake n'kuyenda naye mamita angapo, kenako mphamvu imatha, madziwo n'kupitirira okha, katundu n'kutsala. Amene adzamusuntha ndi madzi a munthu wotsatira, kapena a kubafa, kapena ochapira. Choncho zimene munagejemula m'mamawa zikhoza kukhala zidakali pansi pa nyumba yanu masana. Paipi ikakhala kuti inatitimira penapake chifukwa dothi linatsika, pamenepo pamakhala ngati dziwe, ndipo zinthu zolemera zimakhazikika pomwepo kudikira zinzake.

Madzi onyamula katunduyo nawonso anachepa. Zimbudzi zakale zinkathira malita 13 kapena kuposerapo pa kugejemula kamodzi. Ku America lamulo la mu 1992 linati kuyambira 1994 zimbudzi zatsopano za m'nyumba zisapitirire malita 6, ndipo m'mayiko ena ambiri zinthu zinalowera komweko. Ku Australia kampani ya Caroma inatulukira mu 1980 chimbudzi cha mabatani awiri, limodzi la madzi ochepa lina la ochuluka, ndipo masiku ano zambiri za mtundu umenewu zimathira malita 3 ndi malita 6. Kusunga madzi n'kwabwino, ine sindikutsutsa ngakhale pang'ono. Kungoti mapaipi a m'nyumba zambiri anayalidwa nthawi ya malita 13, ndipo lero akugwira ntchito yomweyo ndi madzi osakwana theka. Zimene kale zinkadutsa mwamwayi, lero zimakodwa.

Pepala lopangidwa kuti linyenyeke

Anthu a ku China ndiwo anayamba kudzipukutira pepala. Cha m'ma 589 katswiri wina wa kumeneko, Yan Zhitui, analemba kuti iye sangayerekeze kupita kuchimbudzi ndi pepala lolembedwa mawu kapena mayina a anthu anzeru akale, zomwe zikusonyeza kuti mapepala ena ankapita nawo. Pofika 1393 nyumba yachifumu ya ku Nanjing inkalandira mapepala otere okwana 720,000 pa chaka. Ku America Joseph Gayetty anayamba kuwagulitsa mu 1857 ali osanjikiza m'paketi, ndipo mpukutu wobooledwa m'mizere kuti uzing'ambika mosavuta, wofanana ndi umene timaudziwa lero, Seth Wheeler wa ku Albany anaulembetsa mu 1891.

Chimene chimasiyanitsa pepala limeneli, lomwe ambiri timangoti tishu, ndi mapepala ena onse si kufewa kwake ayi, koma kufooka kwake likanyowa. Pepala lililonse ndi timaulusi ta mtengo tosakanizidwa ndi madzi ambiri, n'kuyalidwa, n'kuumitsidwa. Tikamauma timagwirana tokha popanda guluu, ndipo madzi akabweranso kugwirana kuja kumamasuka. Opanga pepala la m'chimbudzi amachulutsa timaulusi tatifupi, ta mitengo monga bulugamu, amaliyala lopyapyala, ndipo salithira mankhwala olimbitsa kwamuyaya. N'chifukwa chake likakhala m'madzi oyenda limanyenyeka msanga. Silisungunuka ngati mchere, limangobalalika kukhala tizidutswa tating'onoting'ono timene madzi ochepa angathe kunyamula.

Pepala lopukutira m'khitchini ndi lopukutira m'manja analipanga ndi cholinga chotsutsana ndi chimenechi. Limathiridwa mankhwala oti lisang'ambike likanyowa, pajatu ntchito yake ndi kumwa madzi. Ngakhale timapepala ta m'bokosi tominira, timene timafewa kuposa tishu, tili ndi mankhwala amenewa. Nyuzipepala ndi pepala la m'kope ndiye n'zouma gwa, zikapindika pokhota paja zimakhala ngati chitseko. M'maso mwathu zonsezi ndi mapepala, koma m'paipi ndi zinthu zosiyana kutalitali.

Amene akukayika ayese yekha. Tengani mabotolo awiri, thirani madzi theka, mu limodzi ikani zidutswa ziwiri za tishu, mu linalo chinthu chimene mukufuna kudziwa ngati chingagejemulidwe. Tsekani ndi kukhutchumula kwa masekondi khumi kapena makumi awiri. Tishu mupeza atasanduka madzi otuwa. Chinacho chikatuluka chili chathunthu, dziwani kuti ndi mmenenso chidzakhalire pansi pa nyumba yanu.

Komabe tishu weniweni amatsekanso chimbudzi, makamaka chifukwa cha kagwiritsidwe ntchito kake. Pepala limanyenyeka madzi akalizungulira mbali zonse. Munthu akakulunga mpukutu kuzungulira dzanja kasanu kapena kakhumi n'kuponya chibulumwa chimenecho, kunja kumanyowa koma m'kati mumakhala mouma, ndipo chimafika pokhota paja chidakali mpira. Kupinda zidutswa zochepa kumayeretsa chimodzimodzi ndipo kumamasuka msanga. Mapepala okhuthala, osanjikiza katatu kapena kanayi, amachedwa kunyenyeka kuposa opyapyala, choncho amene amawakonda azichepetsa zidutswa. Tsiku limene m'mimba simuli bwino ndipo pakufunika pepala lambiri, gejemulani pakati pa ntchito, musadikire kuti mtondo udzaze. Ndipo pa chimbudzi cha mabatani awiri, batani la madzi ochepa ndi la mkodzo. Kulidina pa chimbudzi chachikulu pofuna kusunga madzi kumangosiya katundu pafupi, kenako mumagejemula kachiwiri, madzi n'kupita ochuluka kuposa amene mumafuna kusunga.

Ana amafunika kuwaonetsa zimenezi ndi manja, chifukwa mwana wongoyamba kudzithandiza yekha sadziwa kuti pepala lokwanira ndi lochuluka bwanji. Pomwepo ndi pophunzitsira atsikana kupukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti tizilombo ta m'matumbo, makamaka E. coli, tisafike ku njira ya mkodzo kumene timayambitsa matenda. Thupi nalonso lili ndi mbali yake. Munthu amene amadya zakudya zagaga ndi kumwa madzi okwanira amachita chimbudzi chofewa chosafuna pepala lambiri, pomwe chimbudzi cholimba cha munthu wodzimbidwa chimatha kutseka mtondo pachokha. Kukhalitsa pa mtondo, maso ali pa foni, kumapanikiza mitsempha ya kumusi ndipo madokotala amakutchula pakati pa zinthu zobweretsa nthenda ya mudzi.

Si dziko lonse limagejemula pepala. Ku Greece, m'madera ena a ku Turkey ndi m'mayiko ambiri a ku Latin America mumapeza kabini pambali pa mtondo ndi chikwangwani chopempha kuti pepala liponyedwe m'menemo, chifukwa mapaipi akale a m'nyumba zambiri ndi opapatiza. Mlendo amene waona chikwangwani chotere amvere, eni ake amadziwa mapaipi awo. Kwina pepala si ndilo lalikulu n'komwe. Ku Middle East, ku India ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Asia anthu amatawasa ndi madzi, ambiri pogwiritsa ntchito kapaipi kopopera kokolekedwa pakhoma. Ku Italy lamulo la mu 1975 limafuna kuti nyumba ikhale ndi beseni lotawasira lotchedwa bidet. Ku Japan kampani ya Toto inayamba mu 1980 kugulitsa Washlet, chivundikiro cha mtondo chimene chimapopera madzi chokha. Kwa ine njira ya madzi ndi yoposa, pakhungu komanso pa mapaipi, chifukwa pepala limangotsala la kuumitsira, zidutswa ziwiri kapena zitatu.

Tinsalu tonyowa ndi mafuta

Tsopano tifike pa mdani weniweni. Tinsalu tonyowa topukutira makanda, nkhope ndi matebulo, timene pamapaketi amalemba kuti wet wipes, si pepala ayi. Ndi nsalu yosalukidwa, ndipo tambiri tili ndi ulusi wa pulasitiki. Tinapangidwa kuti tikhale tonyowa m'paketi kwa miyezi osang'ambika, ndiye madzi a m'paipi angatichite chiyani? Mawu akuti flushable amene amalembedwa pa mapaketi ena asakupusitseni. Nthawi zambiri amangotanthauza kuti kansaluko kachoka mu mtondo mukagejemula, osati kuti kanyenyeka. Kamapita mamita angapo, n'kukodwa pa mfundo ya paipi kapena pa muzu, kenako kamakola kanzake, kanzakeko n'kukola tsitsi ndi pepala. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Mu 2017 bungwe la Water UK, limene limaimira makampani a madzi ku Britain, linafufuza zinthu zochotsedwa m'mapaipi a suweji otsekeka, ndipo linapeza kuti pafupifupi 93 peresenti zinali tinsalu timeneti. Pepala la m'chimbudzi, limene ambiri amaliimba mlandu, linali kachigawo kochepa kwambiri. M'mwezi wa September chaka chomwecho ogwira ntchito a kampani ya madzi ya Thames Water anapeza chimulu chowopsa m'ngalande ya suweji ku Whitechapel, mu London, chotalika mamita 250 ndi cholemera matani 130. Chinali tinsalu tonyowa, matewera ndi zina zotero, zomatana ndi mafuta ophikira mpaka kulimba ngati konkire. Anachiswa kwa milungu isanu ndi inayi ndi madzi amphamvu komanso mafosholo, ndipo chidutswa chake chinakaonetsedwa ku nyumba yosungira zinthu zakale ya Museum of London mu 2018.

Mafuta amenewo sanachokere m'chimbudzi, anachokera m'masinki a kukhitchini, koma mapaipi onse a m'nyumba amakakumana pamodzi. Mafuta amalowa m'sinki ali amadzimadzi, akafika pozizira amaundana n'kumatirira m'mbali mwa paipi. Akakumana ndi mchere wotchedwa calcium wa m'madzi ndi wa m'makoma a ngalande amasanduka chinthu cholimba chonga sopo, chimene madzi sangachisuntse. Ambiri amakhulupirira kuti kutsatiza madzi otentha ndi sopo kumathetsa vutoli. Kumangolisunthira patsogolo pang'ono, pamene madziwo akazirale, komwe dzanja silingafike. Mafuta otsala athiridwe m'chitini kapena m'botolo, akazizira atayidwe ku zinyalala, ndipo poto wa mafuta apukutidwe kaye asanatsukidwe.

Zina zimene apulambala amatulutsa m'mapaipi tsiku ndi tsiku n'zodziwika. Mapadi, matamponi ndi matewera anapangidwa kuti amwe madzi n'kufufuma, ndipo m'paipi amachita zomwezo. Timitengo ta thonje totokosera m'makutu timapingasa pokhota n'kukhala ngati mlatho. Ulusi wotsukira m'mano ndi tsitsi zimakulunga zonse pamodzi ngati ukonde. Makondomu ndi zotsalira za ndudu sizivunda. Palinso kachikwama ka pulasitiki ka mankhwala onunkhiritsa kamene timakoleka m'mphepete mwa mtondo, kakagwera m'kati munthu osaona, kamakakhala pokhota paja n'kumakola pepala lililonse lodutsa. Zidole za ana nazo zimathera komweko.

Ndikaganizira za mapadi, ndimaona kuti vuto silikhala umbuli nthawi zonse. Mtsikana kapena mayi amene ali m'chimbudzi cha eni, mopanda potayira, sangatuluke atanyamula padi m'manja kudutsa pabalaza pali anthu. Agejemula basi. Kabini kokhala ndi chivundikiro ndi jumbo m'kati mwake, koikidwa pambali pa mtondo, kamapulumutsa mapaipi kuposa chikwangwani chilichonse cha pakhoma, komanso kamasungira mlendo ulemu.

Kwa amene nyumba yawo siinalumikizidwe ku suweji ya mzinda, zonse zimathera m'thanki ya sepitiki pabwalo pawo pomwepo. M'thankimo zinthu zimagawikana patatu. Zolemera zimamira n'kukhala matope, mafuta amayandama pamwamba, madzi a pakati ndiwo amatuluka kupita m'dzenje kapena m'ngalande zomwetsa nthaka. Mabakiteriya okhala mopanda mpweya wabwino amadya zonyansazo pang'onopang'ono, koma samaliza zonse, choncho matope amakwera chaka ndi chaka. Bungwe loona za chilengedwe ku America la EPA limalangiza kupopa thanki ya panyumba pakatha zaka zitatu mpaka zisanu. Mukachedwa, matope amasefukira kudzenje lomwetsa lija n'kutseka nthaka, ndipo kukonza zimenezo ndi ntchito yaikulu kuposa kupopa. Mankhwala ophera tizilombo akathiridwa ochuluka amapha mabakiteriya othandizawo. Chenjezo lalikulu pa zonse ndi ili: munthu asalowe kapena kulowetsa mutu m'thanki ya sepitiki. Mpweya wa m'menemo, makamaka hydrogen sulfide, umakomola munthu mofulumira kwambiri, ndipo kawirikawiri amene amatsikira kukapulumutsa mnzake amatsalanso komweko.

Madzi akayamba kukwera

Mukagejemula madzi n'kumakwera m'malo motsika, dzanja limafuna kudinanso. Musatero. Mtondo umatha kusunga madzi a kugejemula kumodzi, achiwiri amathera pansi. Tsekani kampope kamene kali pa kapaipi kolowetsa madzi m'thanki, ndipo dikirani. Ngati chatseka ndi pepala lokha, nthawi imathandiza, chifukwa likamanyowa limamasuka. Sopo wamadzi wotsukira mbale, wotsatizidwa ndi ndowa ya madzi ofunda, amatereretsa njira. Madziwo akhale ofunda, osati owira, chifukwa owira amatha kung'alula mtondo.

Zikakanika tengani plunger, chipangizo cha labala chokhala ndi ndodo chija. Cha kuchimbudzi chili ndi mlomo wotulukira kunsi wolowa m'bowo, chosiyana ndi chafulati cha kusinki. Labalayo amire m'madzi, chifukwa chimene chimasuntha chotsekacho ndi madzi, si mpweya. Kankhani koyamba pang'onopang'ono kuti mpweya utuluke, kenako kankhani ndi kukoka mwamphamvu kambirimbiri osachotsa pabowo. Kukoka n'kofunika mofanana ndi kukankha, chifukwa kugwedezekako ndiko kumamasula. Ngati chalowa ndi chinthu cholimba monga chidole, kukankha kumangochipititsa patali. Pamenepo pamafunika waya wopotana wopangidwira zimbudzi, wokhala ndi labala woteteza mtondo kuti usakalike, umene umakola chinthucho n'kuchibweza.

Mankhwala otsegulira mapaipi ndimawaopa, ndipo ndikufuna nanunso muwaope. Ambiri ndi caustic soda kapena asidi wamphamvu. Amathandizako pa tsitsi ndi mafuta a m'sinki, koma pa kansalu ka pulasitiki kapena padi sachita kanthu. Amangokhala mu mtondo akutentha, ndipo kutenthako kumatha kufewetsa mapaipi a pulasitiki. Kenako munthu amabwera ndi plunger, madzi aja n'kumuthovukira m'maso. Choopsa china ndi kusakaniza. Mankhwala oyeretsera a chlorine akakumana ndi asidi, ngakhale wa m'mankhwala wamba otsukira mtondo, amatulutsa mpweya wa poizoni, ndipo chimbudzi ndi kachipinda kakang'ono. Ngati munathira kale mankhwala musanaitane pulambala, muuzeni asanagwire chilichonse.

Pomaliza pake pamafunika kudziwa ngati vuto lili pa mtondo pomwepo kapena patali. Chimbudzi chimodzi chikatsekeka zina zonse zikuyenda bwino, vuto lili pafupi. Chimbudzi chikamalira kuti gubudu gubudu pamene wina akukhuthula madzi m'sinki, kapena madzi otsala mu mtondo aja akamatsika okha fungo n'kumamveka, kawirikawiri ndiye kuti paipi yopumira, imene imatulukira padenga, yatsekeka ndi masamba kapena chisa cha mbalame. Paipi imeneyi imalowetsa mpweya kumbuyo kwa madzi oyenda, ndipo ikatsekeka madziwo amakoka mpweya kudzera m'mitondo ndi m'masinki. Kutsekeka kobwerezabwereza pakangopita miyezi yochepa, m'nyumba imene anthu amasamala zoponya, kumaloza ku mizu ya mitengo. Mizu imatsata chinyezi, imalowa pa kamng'alu ka pamfundo ili yopyapyala ngati tsitsi, n'kukulira m'katimo. Apulambala ena ali ndi kamera yolowetsa m'paipi imene imaonetsa malo enieni, kuti pasakumbidwe bwalo lonse.

Koma mukagejemula madzi akuda n'kutumphukira m'bafa, kapena makina ochapira akamakhuthula madzi chimbudzi n'kumasefukira, yatsekeka ndi paipi yaikulu yotulutsa zonse m'nyumba. Pamenepo plunger ilibe ntchito. Uzani aliyense m'nyumbamo asiye kusamba, kuchapa ndi kutsuka mbale mpaka pulambala atafika, chifukwa madzi alionse othiridwa pamwamba akatulukira pa bowo lotsikitsitsa m'nyumba, ndipo nthawi zambiri bowo limenelo ndi la pansi m'bafa, mmene ana amasambira opanda nsapato.